Kuchokera ku Bauleni Mpaka ku Nyumba ya Boma: Zomwe Makhansala a ku Mangochi Angatolepo pa Moyo wa Michael Sata

M'chaka cha 1981, bambo wina wa zaka zopitirira makumi anayi adasankhidwa kukhala khansala wa dera la Bauleni, komboni ya anthu opeza movutikira yomwe ili kummwera chakum'mawa kwa mzinda wa Lusaka m'dziko la Zambia. Patatha zaka 30, pa 23 Sepitembala 2011, bambo yemweyo adalumbiritsidwa kukhala mtsogoleri wachisanu wa dzikolo. Ameneyu ndi malemu Michael Chilufya Sata.

Lusaka ndi mzinda waukulu wa anthu oposa 2 miliyoni, pomwe Mangochi ndi boma la asodzi, alimi ndi amalonda lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu 1,148,611 omwazikana kuyambira kwa Makanjira mpaka ku Chilipa. Komabe ntchito imene imadikira khansala m'mawa uliwonse ndi yofanana konsekonse: zinyalala, misika, ngalande, zimbudzi, madzi akumwa, misewu ya m'madera ndi ndalama za msonkho. Moyo wa a Sata ukuonetsa zinthu ziwiri zimene phunziro lino likufuna kuunika. Choyamba, dzina la mtsogoleri limamangidwa ndi ntchito yooneka ndi maso. Chachiwiri, ntchito imene yatsamira pa mphamvu za munthu mmodzi imatha naye limodzi, pomwe yoikidwa m'malamulo, m'bajeti ndi m'makomiti imakhalitsa.

Ubwana ndi ntchito zoyamba

A Sata adabadwa pa 6 Julaye 1937 m'boma la Mpika, kumpoto kwa dziko limene panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Adakulira mu mpingo wa Katolika ndipo adakhala mkhristu wa mpingowo mpaka imfa yawo. Sadali munthu wa masatifiketi ambiri. Sukulu yawo yeniyeni idali ntchito zosiyanasiyana zimene adagwira asadalowe m'khonsolo. Adakhalapo wapolisi m'nthawi ya atsamunda, kenako adalowa m'mabungwe omenyera ufulu wa anthu apantchito. Adakhalanso ku London m'dziko la Britain, kumene adagwirapo ntchito pa siteshoni ya sitima ya Victoria. Atabwerera kwawo adayamba bizinesi, ndipo pambuyo pake adadziika kwathunthu pa ndale m'chipani cha UNIP cha a Kenneth Kaunda.

Ntchito zimenezi zidawaphunzitsa kayankhulidwe ka anthu wamba. Ngakhale chiyankhulo chawo chobadwa nacho chidali cha kumpoto, ankayankhulanso Chinyanja cha m'makomboni a Lusaka, chomwe munthu wa ku Mangochi angachimve popanda womasulira. Lilime lawo lidali lakuthwa moti anthu adawapatsa dzina loti King Cobra, lomwe ndi la njoka yaululu woopsa. Dzinali lidawamatirira mpaka kumanda, ndipo owakonda ndi owada omwe ankalitchula, aliyense ndi tanthauzo lake.

Khansala m'nthawi ya chipani chimodzi

Kuti munthu amvetse ukhansala wa a Sata, ayenera kudziwa momwe makhonsolo a ku Zambia ankayendera nthawi imeneyo. Kuyambira kumapeto kwa 1972 dzikolo lidali pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi. M'chaka cha 1980 boma lidakhazikitsa lamulo latsopano la maboma aang'ono limene lidaphatikiza khonsolo ndi chipani kukhala chinthu chimodzi. Mipando ya mameya idathetsedwa, ndipo khonsolo iliyonse inkatsogozedwa ndi gavanala wosankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Gavanalayu adali wandale, wosiyana ndi bwanamkubwa wa boma amene Amalawi akumudziwa lero, yemwe ndi wogwira ntchito m'boma. Ukhansala nawo unkadutsira m'chipani.

Choncho khansala wa nthawiyo akadatha kukhala pampando mwa kungosangalatsa akuluakulu a chipani. A Sata adasankha njira ina, yodzipangira dzina pakati pa anthu a m'dera lawo. Bauleni, monga Kanyama, Chawama, Kalingalinga ndi makomboni ena, adakula mofulumira chifukwa cha anthu ochoka kumidzi kudzafuna ntchito m'tauni, ndipo madzi, misewu ndi zimbudzi sizinkakwanira. Khansala wopezeka pakati pa anthu otere, womva madandaulo awo ndi kukawayankhula mosaopa m'khonsolo, sakadachedwa kudziwika. Patangotha zaka ziwiri, mu 1983, a Sata adapambana mpando wa phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera la Kabwata mumzinda womwewo.

Gavanala wa Lusaka

Mu 1985 a Kaunda adasankha a Sata kukhala gavanala wa Lusaka, kutanthauza kuti munthu amene adayamba ngati khansala wa komboni tsopano adakhala mutu wa khonsolo ya likulu la dziko. Nthawiyo idali yowawa. Mtengo wa kopa, chuma chachikulu cha Zambia, udali utagwa kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1970, boma lidali m'ngongole, ndipo kumapeto kwa 1986 anthu a m'matauni a migodi adachita zipolowe chifukwa cha kukwera mtengo kwa ufa. Mtsogoleri wa khonsolo wofuna chowiringula akadachipeza mosavuta.

A Sata sadawiringule. Zaka zitatu zimene adakhala paudindowu zimakumbukiridwa ndi kuyeretsa misewu ya mumzinda, kukwirira maenje a m'misewu ndi kumanga milatho. Sankakonda kuyendetsa ntchito ali muofesi. Ankapita okha kumene ntchito ikugwiridwa ndipo wogwira ntchito waulesi ankamudzudzula pomwepo. Apa ndi pamene padachokera mbiri yoti iwo ndi munthu wa zochita, mbiri imene idawanyamula pa zisankho zonse za m'tsogolo. Ngakhale patapita zaka makumi awiri, anthu a ku Lusaka pofuna kufotokoza chifukwa chowavotera ankakumbutsana za momwe mzindawo udayerera iwo ali gavanala. Mu 1988 adakwezedwa kukhala nduna yaing'ono yoona zopereka mphamvu ku maboma aang'ono.

Mbali imeneyi ya moyo wawo ndiyo yofunika kwambiri kwa khansala aliyense. Zimene zidawatchukitsa sizidali zinthu zodabwitsa ayi. Zidali ntchito zomwe khonsolo iliyonse idakhazikitsidwira, zimene ena ankaziona ngati zonyozeka kwa munthu wa udindo. Akuluakulu adati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Anthu amakhulupirira dzenje limene lakwiriridwa lero kuposa msewu wa phula wolonjezedwa pamsonkhano.

Unduna ndi mikangano

Mphepo ya ndale za zipani zambiri itawomba, a Sata adachoka mu UNIP n'kulowa chipani cha MMD cha a Frederick Chiluba, chomwe chidapambana chisankho cha pa 31 Okutobala 1991. M'zaka khumi za boma limeneli iwo adakhala nduna ya maboma aang'ono ndi nyumba, nduna ya zantchito, nduna ya zaumoyo, ndipo pomaliza nduna yopanda unduna wapadera. Ku unduna wa zaumoyo adapitiriza khalidwe lawo lotulukira mwadzidzidzi m'zipatala kukaona ukhondo ndi kagwiridwe ka ntchito.

Koma zaka zomwezi zidaonetsanso mbali ina ya utsogoleri wawo. Munthu wozolowera kulamula kuti zinthu zichitike lero salekerera bwino omufunsa za ndondomeko. Mu 1994 wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Levy Mwanawasa, adatula pansi udindo podandaula za katangale m'boma, ndipo kusamvana kwawo ndi a Sata kudali chimodzi mwa zifukwa zake. Mu 2001 a Sata adali patsogolo pa gulu lofuna kusintha malamulo oyendetsera dziko kuti a Chiluba aimenso kachitatu. Mipingo, maloya ndi mabungwe omwe si aboma adakana, ndipo ganizolo lidalephereka, monga momwe ganizo lofanana nalo lidalepherera ku Malawi mu 2002 ndi 2003. A Chiluba atasankha a Mwanawasa kuti aimire chipani pa chisankho, a Sata adakhumudwa, adatuluka, n'kuyambitsa chipani chawo cha Patriotic Front, chodziwika mwachidule kuti PF.

Zaka khumi kumbali yotsutsa

Pa chisankho cha Disembala 2001 a Sata adapeza mavoti pafupifupi 3 pa 100 alionse, ndipo ambiri adaganiza kuti ndale zawo zathera pomwepo. Iwo adabwerera kumene adayambira: m'misika, m'madepoti a basi ndi m'makomboni a Lusaka ndi a ku migodi. Uthenga wawo udali wa misonkho yotsika, ntchito zambiri ndi ndalama m'matumba a anthu, ndipo chizindikiro cha chipani chidali bwato. Mu 2006 adapeza mavoti 29 pa 100 alionse, ndipo chipani chawo chidatenga makhonsolo a Lusaka ndi a matauni a migodi. Mu 2008, a Mwanawasa atamwalira, adagonja kwa a Rupiah Banda ndi mavoti pafupifupi 35,000 okha. Pa chisankho cha pa 20 Sepitembala 2011, ulendo wachinayi, adapambana ndi mavoti pafupifupi 42 pa 100 alionse. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

M'zaka zimenezi mudachitikanso nkhani yokhudza dziko la Malawi. Mu Malichi 2007 a Sata adabwera kudzacheza ndi mtsogoleri wakale, a Bakili Muluzi, koma boma la a Bingu wa Mutharika lidawakaniza kulowa ndipo lidawabweza pagalimoto mpaka kuchipata cha Mwami. Nkhaniyi idawakhala kumtima moti atangolowa m'boma sadabwere ku msonkhano wa COMESA umene udachitikira ku Lilongwe mu Okutobala 2011. Komabe a Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, pomwe mafuta a galimoto ankasowa m'dziko muno, boma la a Sata lidathandiza Malawi ndi mafuta pa nthawi ya maliro.

Khonsolo ya Lusaka nayo sidayende bwino nthawi zonse m'manja mwa makhansala a chipani chawo. Kumayambiriro kwa 2011 boma lidaimitsa khonsoloyo kwa kanthawi pa nkhani ya kagawidwe ka mapuloti. Mbiri yabwino ya mtsogoleri wa chipani sidalowe m'malo mwa ndondomeko yogawira malo mwachilungamo.

Pampando waukulu, ndi zimene zidatsalira mzinda

Ali mtsogoleri wa dziko, a Sata adachita zinthu mwa liwiro lomwe lija. Adakhazikitsa chigawo chatsopano cha Muchinga, adasamutsa likulu la chigawo cha kummwera kuchoka ku Livingstone kupita ku Choma, adatsegula maboma atsopano ambiri, ndipo mu 2012 adayambitsa ntchito yaikulu ya misewu yotchedwa Link Zambia 8000. Chaka chomwecho dzikolo lidabwereka ndalama zokwana madola 750 miliyoni pamsika wa kunja. Ngongole zidapitirira kukula iwo atamwalira, ndipo mu Novembala 2020 Zambia idalephera kubweza gawo la ngongole zake pa nthawi yake. A Sata adamwalirira ku London pa 28 Okutobala 2014 ali ndi zaka 77, patangopita masiku anayi dziko lawo litakwanitsa zaka 50 lili pa ufulu wodzilamulira.

Phunziro lalikulu kwa makhonsolo lili pa zimene zidachitikira misewu ya Lusaka. Munthu amene adatchuka ndi kuyeretsa mzinda ali gavanala ndi yemwenso, kumapeto kwa 2011, adalamula makhonsolo kuti asiye kuthamangitsa mavenda m'misewu. Chifukwa chake chidali chomveka, pakuti ntchito zidali zosowa ndipo mavendawo ndiwo adamuvotera. Koma anthu zikwizikwi adayamba kugulitsa zakudya m'malo opanda zimbudzi ndi madzi okwanira. Nthawi yomweyo chizolowezi choti anyamata a chipani cholamula azitolera ndalama m'misika ndi m'madepoti, chomwe chidayamba PF isadalowe m'boma, chidapitirira, ndipo ndalama zoyenera kulowa m'thumba la khonsolo zinkathera m'matumba a anthu.

Mu Okutobala 2017 mumzindawo mudabuka kolera. Pofika Januwale 2018 boma lidatumiza asilikali kukachotsa mavenda ndi kuyeretsa misewu, ndipo bwalo lamasewero la National Heroes, lomwe lidatsegulidwa mu 2014, lidasanduka chipatala cha odwala kolera. Zomwezi zidachitikanso kumayambiriro kwa 2024. Sikungakhale chilungamo kusenzetsa munthu mmodzi mlandu wa mliri, chifukwa mavuto a madzi ndi zimbudzi m'makomboni a Lusaka ndi akalekale. Chimene nkhaniyi ikuonetsa n'chakuti ukhondo wa m'zaka za 1985 mpaka 1988 udali m'maso ndi m'mawu a gavanala. Iye atachoka, padalibe dongosolo lolimba la ndalama, zipangizo ndi malamulo loti liupitirize.

Udindo wa khansala m'Malawi muno

Khansala wa ku Mangochi amagwira ntchito pansi pa malamulo osiyana kwambiri ndi a nthawi ya a Sata. Gawo 146 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa makhonsolo udindo woimira anthu a m'madera awo ndi kulimbikitsa chitukuko. Mu 1998 boma lidavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono. Chisankho cha makhansala chidachitika pa 21 Novembala 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala, kufikira chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Zisankho zina zidatsatira pa 21 Meyi 2019 ndi pa 16 Sepitembala 2025.

Kusowa kwa makhansala kwa zaka zonsezo kudasiya chisokonezo chimene chikadalipo. Anthu ena amaona khansala ngati wogula mabokosi a maliro ndi wonyamula odwala, ena amamuona ngati mthenga wa phungu. Malamulo sanena choncho. Khansala amatenga zofuna za anthu kuchokera ku makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, odziwika kuti VDC ndi ADC, n'kupita nazo ku khonsolo. Kumeneko amakambirana ndi kuvomereza dongosolo la chitukuko cha boma ndi bajeti, amapanga malamulo aang'ono a khonsolo, ndipo kudzera m'makomiti monga ya zachuma, ya zaumoyo ndi zachilengedwe, ya zamaphunziro ndi ya zomangamanga, amalondoloza ntchito ya bwanamkubwa ndi ogwira ntchito ake. M'khonsolo mumakhalanso aphungu, mafumu aakulu ndi oimira magulu osiyanasiyana a anthu. Khansala salemba ntchito kontirakitala yekha, sasunga ndalama za chitukuko, ndipo sagawa malo. Mphamvu zake zili pa mawu ake m'komiti, voti yake m'khonsolo ndi maso ake pamalo a ntchito.

Maphunziro asanu kwa boma la Mangochi

Loyamba ndi kupezeka pamalo. A Sata ankadziwa dzenje lililonse chifukwa ankayenda. Boma la Mangochi ndi lalikulu, ndipo madera ena monga kwa Makanjira ndi kwa Katuli amavuta kufikako m'nyengo ya dzinja. Khansala amene wasamukira pa boma atangosankhidwa amamva za mjigo wowonongeka kapena chipinda chophunziriramo chong'ambika khoma patapita miyezi. Kuyendera ntchito ili mkati, kuona ngati simenti ndi zitsulo zikugwirizana ndi zimene zidalembedwa, ndi kupereka lipoti ku komiti yoyenera, kumapulumutsa ndalama zambiri kuposa kudandaula nyumba itagwa kale.

Lachiwiri ndi kulemekeza ntchito zooneka zazing'ono. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. M'madoko a asodzi, kumene anthu ambiri amasonkhana m'nyengo ya usipa, madzi a m'nyanja omwewo ndiwo osamba, otsukira nsomba, ndipo kwa ena ndiwo akumwa. Chimbudzi cha padoko, dzala la pamsika wa Namwera kapena Monkey Bay, ndi ngalande yosatsekeka sizikhala ndi mwambo wodula riboni, koma ndizo zimasiyanitsa chaka cha mtendere ndi chaka cha maliro.

Lachitatu ndi kuika ntchito m'dongosolo. Tsiku loyeretsa msika lotsogozedwa ndi khansala ndi chiyambi chabwino, koma funso lenileni ndi lakuti adzasesa ndani mwezi wamawa, adzalipidwa kuchokera kuti, ndipo wotaya zinyalala paliponse adzalangidwa ndi lamulo liti. Mayankho a mafunso amenewa amalembedwa m'bajeti ndi m'malamulo aang'ono a khonsolo. Boma lino lili ndi chitsanzo chakechake. Chambo chitachepa kwambiri m'nyanja ya Malombe, mu 1993 kudayambika ndondomeko yoti asodzi eniake azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba kudzera m'makomiti a m'madoko. Makomitiwa akumana ndi mavuto ambiri, koma ganizo lake ndi loona: nyengo yotseka nyanja ndi kuletsa maukonde a maso aang'ono sizingadalire mkulu mmodzi wokalipa. Mutu umodzi susenza denga.

Lachinayi ndi kuteteza ndalama ndi malo a khonsolo. Tikiti ya pamsika, chiphaso cha bizinesi ndi ndalama zolipira malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ndizo zimapatsa khonsolo mphamvu yochita zinthu popanda kudikira likulu. Zimene zidachitika m'misika ya Lusaka zikuchenjeza kuti ndalamazi zikayamba kutoleredwa ndi anthu a chipani, kaya chipani chake n'chiti, galimoto yonyamula zinyalala imaima. Malo a m'mphepete mwa nyanja nawo ndi yesero lalikulu, chifukwa ofuna kumanga malo ogona alendo ndi ambiri. Madzi a m'nyanja atakwera kwambiri mu 2024, nyumba ndi malo ambiri ochezera alendo omangidwa pafupi ndi gombe adamira. Madzi saiwala khwawa. Khansala wolola kapena kunyengerera kuti wina amange popanda chilolezo amakhala akusungira anthu ake tsoka.

Lachisanu ndi kulola kufunsidwa. Chofooka chachikulu cha a Sata chidali kusapirira owatsutsa ndi ndondomeko zochedwetsa zinthu. Koma ndondomeko zogulira katundu, kuwerengera ndalama ndi kukambirana m'makomiti zidaikidwa pofuna kuteteza anthu kwa mtsogoleri wabwino amene tsiku lina angalakwitse. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, choncho nzika ya kwa Nankumba kapena kwa Jalasi ili ndi ufulu wofunsa mtengo wa mlatho ndi dzina la womanga. Khansala wanzeru sadikira kufunsidwa. Amachititsa msonkhano m'dera lake n'kufotokoza zimene khonsolo idagwirizana, zimene zachitika ndi zimene zalephereka.

Mawu omaliza

Si khansala aliyense amene adzakhale phungu, nduna kapena mtsogoleri wa dziko, ndipo ukhansala suyenera kutengedwa ngati makwerero chabe. A Sata adakwera chifukwa adagwira ntchito ya pansi ngati kuti ndiyo yomaliza, ndipo anthu adawakumbukira nayo kwa zaka 30. Pamene adaperewera ndi posiya makhonsolo olimba oti apitirize ntchitoyo iwo kulibe. Makhansala a ku Mangochi ali ndi zaka zisanu. Pakutha pa zakazo, muyeso woyenera sudzakhala kuchuluka kwa misonkhano imene adayankhulapo, koma ngati msika udzapitirire kusesedwa, mjigo kukonzedwa ndi mabuku a ndalama kuwerengedwa poyera wina atakhala pampando wawo.

Mafunso okambirana m'makomiti a VDC ndi ADC

1. Ndi ntchito ziti zitatu za khonsolo zimene anthu a m'dera lino angazione ndi maso m'miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi, ndipo ndalama zake zili pa gawo liti la bajeti?

2. Kodi pali ntchito ya chitukuko m'dera lino imene idaima mtsogoleri amene adaiyambitsa atachoka? Chidasowa n'chiyani kuti ipitirire?

3. Ndani amatolera ndalama pamsika kapena padoko la m'dera lino, ndipo kodi wolipira aliyense amalandira tikiti ya khonsolo?

4. Kodi khansala adachititsa liti msonkhano womaliza wofotokozera anthu zimene zidakambidwa ku khonsolo, ndipo wotsatira udzachitika tsiku liti?

5. Kodi mafumu, khansala, phungu ndi ogwira ntchito m'boma angagawane bwanji udindo kuti nyengo ya dzinja ikubwerayi idutse popanda kolera m'madoko ndi m'misika ya dera lino?